Kampeni ka m'thumba: kasankhidwe, kanoledwe ndi malo oti osapita nako

Kampeni kopinda koyenda nako tsiku ndi tsiku kamafunika kakhale kakang'ono komanso kakuthwa, zinthu ziwiri basi, zina zonsezi ndi zokongoletsa. Anthu ambiri amachita zosemphana, amagula chimpeni chachikulu choopsa maonekedwe koma chobuntha choti ngakhale tomato chimangomufinya, ndiye chimalemera m'thumba, chimabowola thalauza, mapeto ake chimangokhala mu dirowa. Pomwe ntchito zenizeni zomwe munthu umakumana nazo pa tsiku ndi zazing'ono, kudula chingwe chomangira katundu pa njinga, kumasula thumba la chimanga losokedwa, kusenda mango kapena nzimbe, kusongola pensulo ya mwana, kudula linya, kutsegula katoni, kupala waya ukamakonza soketi (mutathimitsa magetsi kaye chonde). Zonsezi chitsulo chotalika masentimita 6 mpaka 8 chimakwanitsa bwinobwino.

Tiyambe ndi mpeni woti mugule. Kwathu kuno ukangoti mpeni wopinda aliyense amaganiza za okapi, ndipo pena anthu amangotchula mpeni wopinda uliwonse kuti okapi ngakhale usali. Okapi weniweni anayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany, tauni yodziwika ndi zosula mipeni, ndipo ankapangira makamaka kudzagulitsa kuno ku Africa. Mu 1988 ntchito yopanga inasamukira ku South Africa, ndiye amene mukugula lero ngati ali weniweni ndi wochokera kumeneko. Mumudziwa ndi chogwirira chamtengo chokhota pang'ono chokhala ndi timaluwa tachitsulo ngati mwezi ndi nyenyezi, sipuling'i ili kunja pamsana, ndi karingi kokoka pofuna kutseka. Potsegula amalira kuti krrr, phokoso lija anyamata amalikonda kwambiri. Ubwino wake ndi wotchipa, ukatayika sulira maliro, komanso chitsulo chake sichivuta kunola. Kuipa kwake kuli pawiri. Choyamba wamkulu uja chitsulo chake chimafika masentimita 10, kwa ine ameneyo ndi wa kumunda ndi kudambo osati wa mtauni. Chachiwiri ndi mbiri, ku South Africa okapi anatchuka ndi zobayana m'mashabini moti wapolisi akamupeza m'thumba mwanu sayamba ndi kuganiza za mango. Alipo ang'onoang'ono opanda loko, amenewo ndi amene ndingakulimbikitseni ngati mumakhala mtauni.

Wina amene ndimamukonda ndi Opinel wa ku France. Anayambitsa ndi Joseph Opinel mu 1890 kudera lamapiri la Savoie, ndipo mpaka pano maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni, chogwirira chamtengo chobulungira, chitsulo chopyapyala, basi. Amabwera m'manambala, nambala ikamakula mpeninso ukukula. Nambala 8 ndi amene amagulidwa kwambiri, chitsulo chake ndi masentimita 8.5, koma wa m'thumba la thalauza nambala 6 kapena 7 ndi amene samakusowetsa mtendere ukakhala pansi. Loko yake ndi kamkombero kachitsulo kozungulira pakhosi pa mpeni, anakawonjezera mu 1955, umangokapotoza mpeni n'kukhala nji osapindika. Kuno sapezeka wamba m'mashopu, nthawi zambiri ndi kutuma m'bale amene ali kunja. Victorinox wa ku Switzerland uja wofiira wokhala ndi kamtanda nayenso ndi wachikale, kampani yake inayamba mu 1884, ali ndi timasizasi ndi chotsegulira botolo, ndipo ndi yekhayo amene ukamutulutsa pagulu palibe amene amadzidzimuka. Koma samalani nawo ofiira a pamsika omwe amangofanana naye, chitsulo chake ndi chofewa, unganole tsiku lonse osagwira.

Pogula musachite manyazi kumuyesa pamaso pa wogulitsa. Mutseguleni, gwirani chitsulo cha kumsana ndi zala ziwiri n'kuchigwedezera uku ndi uku. Chikamachita gwedegwede musiyeni. Mutsekeni muone ngati nsonga yalowa yonse m'chogwirira, chifukwa nsonga yotsalira kunja ndi imene imadzakulasani chala tsiku lomwe mukupisa m'thumba mofulumira kufuna ndalama ya kondakitala. Onaninso ngati mtengo sunang'aluke pafupi ndi msomali womwe chitsulo chimazungulirapo. Ngati ali ndi loko, mutseguleni n'kukankha pamsana pa chitsulo pang'onopang'ono zala zili kutali, asapindike.

Pali nkhani ya mtundu wa chitsulo yomwe anthu amaidumpha. Pali chitsulo cha kaboni ndi chija chosachita dzimbiri chomwe amalemba kuti stainless kapena inox. Cha kaboni chimanoleka msanga ndipo chimathwa mochititsa mantha, koma ukangochisiya chonyowa usiku umodzi m'mawa upeza madontho ofiira. Chosachita dzimbiri chimapirira ulesi, koma kunola kwake kumatenga kanthawi. Ngati mumakhala kunyanja, kaya ku Mangochi, Salima kapena Nkhata Bay, ndipo mpeni wanu uzikhalira kutumbula nsomba, kapena muli ku Beira kapena Durban komwe mphepo yake ili ndi mchere, tengani chosachita dzimbiri musavutike. Ngati ndinu munthu woti mukamaliza ntchito mumapukuta chida, tengani cha kaboni, chimakoma kugwiritsa ntchito.

Tsopano kunola, apa ndi pomwe pagona nkhani yonse ndiye ndichedwapo.

Okapi watsopano nthawi zambiri amabwera wosathwa bwino, musadabwe kapena kuganiza kuti akuberani, ndi mmene amachokera kufakitale, kumaliza ndi kwanu. Chinthu choyamba, musapite naye kwa owotcherera kuti amudutsitse pa girayinda. Ndikudziwa kuti ndi zachangu ndipo zikwanje timanolera komweko, koma kampeni ndi kopyapyala, girayinda imakatenthetsa mpaka m'mphepete kuchita buluu, ndipo pakafika pamenepo chitsulo chafewa, sichidzasunganso kuthwa, komanso amadya chitsulo chambiri moti kawiri katatu mpeni watha. Kunola pa simenti ya pakhonde nakonso ndi kwa mipeni ya kukhitchini yomwe tinaitaya kale mtima.

Pezani mwala wonolera wa mu hadiweya, uja wa mbali ziwiri, ina yokhakhala ina yosalala. Unyowetseni ndi madzi, ndipo ngati mwayamba ndi madzi pitirizani ndi madzi masiku onse, mwala womwe wamwa oyilo sugwiranso madzi. Uikeni pa kansalu konyowa kuti usamathawe. Gonekani chitsulo pamwala kenako kwezani msana wake pang'ono, odziwa amati madigiri 20, koma poti palibe amene amayenda ndi choyezera, kwa kampeni kotere ndi mpata woti timitengo ta machesi titatu tosanjikiza tingalowe pansi pa msanawo. Ndiye kankhani ngati mukufuna kusenda kachikopa kopyapyala pamwamba pa mwalawo, kuyambira kufupi ndi chogwirira kukathera kunsonga, ndipo pofika pokhota paja kwezani chigongono pang'ono kuti nsonga nayo ikhudze. Chinsinsi si mphamvu ayi, ndi kusasintha kapendekedwe. Dzanja likamati pano lakwera pano latsika mukungozunguliza m'mphepete, mudzatuluka thukuta mpeni uli chibunthire.

Mudziwa bwanji kuti mbali imodzi yakwana? Musawerenge maulendo. Pitirizani mbali imodzi yomweyo mpaka mutamva kachitsulo kopyapyala kwambiri katapindikira mbali inayo, mumakamva mukadutsitsa chala kuchokera kumsana kutsetserekera kunja, osati motsatira kuthwako chonde, kamakhala ngati kakukanda. Kakamveka kuyambira kumunsi mpaka kunsonga ndiye tembenuzani muchite chimodzimodzi mbali inayo. Anthu ambiri amalephera pomwepa, amatembenuza msanga mbali ziwirizo zisanakumane. Mukatero pitani ku mbali yosalala ya mwala, apa ndiye mopepuka, kamodzi uku kamodzi uku, mphamvu ikucheperachepera. Ngati simukuona bwino pomwe mwala ukudya, pakani maka yakuda m'mphepete mwa chitsulo, mukanola kawiri katatu muona pomwe inki yachoka ndi pomwe yatsala.

Kumalizitsa ndi lamba wachikopa, kuseri kwake kokhakhala kuja. Kolekani chitsulo chake chomangira pa msomali kapena pa chitseko, mukokeni akhale nga, ndiye kokerani mpeni chobwerera, msana kutsogolo kuthwa kumbuyo, mukalakwitsa n'kutsogoza kuthwa mudula lamba wanu wa kutchalitchi. Zimenezi zimachotsa kachitsulo kotsalira kaja. Yesani pa nyuzipepala, ngati ukudula osang'amba wafika. Tomato nayenso sanama. Zometa ubweya wa pamkono zija ndi zodzionetsera chabe, ndipo zoyesa ndi chala chachikulu zisiyeni.

Mwala palibe? Tembenuzani kapu yadothi ya tiyi, kunsi kwake kuli kamkombero kosapakidwa kokhakhala, kamanola bwino kwambiri mpeni womwe wangofooka pang'ono. Sandipepa wosaopa madzi uja amagwiritsa ntchito openta magalimoto, nambala 400 kenako 1000, mutamuyala pa galasi kapena pa tailosi, amagwira ntchito kuposa miyala ina yogula. Ngakhale mwala wosalala wa kumtsinje umatheka, makolo ankanolera pomwepo. Ndipo mukamaupatsa lamba pafupipafupi, mwala muziufuna mwa apo ndi apo.

Kasungidwe m'thumba n'kosavuta koma pali tinthu. Mupatseni thumba lake lokha, kapena ngati n'kosatheka asakhale limodzi ndi foni, amakanda sikirini. Makiyi ndi makobidi amakanda chogwirira, ena sasamala, ine sindisamalanso kwenikweni, koma fumbi ndi ulusi wa m'thumba zomwe zimalowa mkati ndi zimene zimapangitsa kuti azivuta kutsegula. Kathumba kakang'ono ka pa jinzi kaja kamakwana kampeni kakang'ono ndendende. Amayi amene mumaika m'chikwama, muikeni mu kathumba ka zipi kam'mbali, osati kumangoponya pakati pa zinthu. Wa ringi mutha kumumangirira kachingwe n'kukoleka pa lupu ya lamba, makamaka ngati mumayenda pa bwato kapena kukwera njinga mitunda italiitali.

Podula lamulo ndi limodzi, kuthwa kuziloza komwe kulibe thupi lanu kapena la mnzanu. Nzimbe ndi imene imavulaza anthu ambiri chifukwa khungu lake ndi lolimba, umakankha ndi mphamvu kenako mwadzidzidzi mpeni wapyola, ndiye ngati dzanja lamanzere linali kutsogolo basi nkhani yake ndi ya kuchipatala. Gwirani nzimbe kumtunda, sendani motsikira kutali. Osadulira chinthu pantchafu, mkati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi. Ndipo mpeni wobuntha ndi umene umavulaza kwambiri kuposa wakuthwa chifukwa umafuna mphamvu ndipo umaterereka. Ngati wanu ndi wopanda loko musamabaye nawo chinthu cholimba, umapindikira pa zala. Kutseka okapi wa ringi kumafuna kuzolowera, lowetsani chala mu ringi, kokerani m'mwamba kuti sipuling'i inyamuke, dzanja linalo likankhe chitsulo cha kumsana, ndipo zala zonse zichoke pa mpata womwe chitsulo chikukalowa. Chitani pang'onopang'ono masiku oyamba, zija zotsegula ndi dzanja limodzi momenyetsa pa thalauza zisiyireni a m'mafilimu.

Nsonga si sukuludiraiva, si chotsegulira chitini cha penti, si chokanulira. Mipeni yambiri ya m'midzimu ndi yoduka nsonga chifukwa cha zimenezi, ndipo kawirikawiri woithyola si mwini wake koma wobwereka. Munthu akati tabwereke mpeni, mufunseni kuti mudula chiyani, ngati n'kotheka mudulireni nokha. Popereka, perekani wotseka, ndipo kwa akuluakulu ndi manja awiri monga mwa mwambo wathu. Ngati ndi wotsegula chogwirira chiloze kwa wolandirayo.

Ukhondo ndiye anthu timautaya kwambiri. Mpeni womwewo m'mawa watsegulira paketi ya mankhwala othira mu chimanga kapena opopera thonje ndi tomato, masana wasendera mango a mwana. Ayi ndithu, mankhwala amenewa ndi poizoni, ndipo amatsalira mkati mopindikira muja momwe kupukuta pa thalauza sikufika. Ngati mumagwira za mankhwala khalani ndi mpeni wina wa zimenezo zokha. Mukatumbula nsomba kapena kusenda mbuzi tsukani ndi sopo, mswachi wakale umalowa bwino mumpata, tsukuluzani, pukutani, muusiye chotsegula uume kaye musanaupinde. Osaunyika m'beseni la mbale ngati uli wa chogwirira chamtengo. Komanso mpeni wa m'thumba si wotemera mphini, si wometera, si wodulira mchombo wa khanda, magazi amafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi ndipo chitsulo chauve chimatha kubweretsa kafumbata. Mukadzicheka kwambiri finyani pabalapo ndi nsalu yoyera, kwezani dzanja m'mwamba, magazi akapanda kusiya kapena bala likakhala lakuya pitani kuchipatala akaone ngati pakufunika kusoka ndi jakisoni wa kafumbata.

Chitsulo cha kaboni chikayamba kuda, kuchita ngati phulusa kapena buluu mutadulira mandimu, anyezi kapena mango osapsa, musachikweche. Kuda kumeneko si dzimbiri, ndipo kumathandiza kuteteza chitsulo. Mdani ndi dzimbiri lofiira lija, limenelo lichotseni msanga ndi sitiliwaya kapena phulusa lonyowa pa kansalu lisanakumbe timaenje. Kenako pakani mafuta pang'ono. Pa chitsulo chomwe chimakhudza zakudya kadontho ka mafuta ophikira n'kokwana bola muzipukuta kawirikawiri chifukwa akakhalitsa amachita nomwenomwe. Polumikizira paja ikani kadontho kamodzi ka oyilo wa mashini osokera, tsegulani ndi kutseka kangapo, pukutani wotsala. Oyilo wakuda wochoka mu injini ayi.

Opinel ali ndi khalidwe lake nthawi ya dzinja, mtengo umafufuma ndi chinyezi n'kuchipana chitsulo moti chikhadabo chimatha kuthyoka ukulimbana naye. Musamukanule ndi pulayala. Mugwireni cha kukhosi n'kumenyetsa kumapeto kwa chogwirira pa tebulo kamodzi kapena kawiri, chitsulo chimasuzumira chokha, ndi mmene eni ake ku Savoie amachitira. Mukamuika pamalo ouma masiku angapo amabwerera mwakale, ndipo kupaka kavaselini pang'ono mumpata pafupi ndi khosi kumachepetsa vutoli.

Za malamulo tsopano, chifukwa mpeni womwewo ndi chida cha ntchito kumunda koma pa bala usiku ndi nkhani ina. Ku Malawi kuyenda ndi chida choopsa pagulu popanda chifukwa chomveka ndi mlandu, ndiye funso lomwe muzidzifunsa ndi loti wapolisi atandifunsa pano ndiyankha kuti chiyani. Yankho loti ndi wodzitetezera ndi loipitsitsa pa mayankho onse, chifukwa mwavomera nokha kuti mwanyamula kuti mubaye munthu. Ndipo kunena zoona kampeni kopinda sikateteza munthu, kamangosandutsa mkangano wa mawu kukhala maliro ndi ndende. Ngati mukupita kokamwa, ku mpira ku Bingu kapena ku Kamuzu Stadium, ku zionetsero, ku msonkhano wa chipani, ku khoti, kusukulu, usiyeni kunyumba. Ngati mumadziwa kuti mtima wanu ndi wapachala, musayambe n'komwe kuyenda nawo.

Amene muli ku South Africa, lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013 sililetsa mpeni wa ntchito, limagwira munthu amene wapezeka ndi chida m'njira yokayikitsa kuti akufuna kuchita nacho zoipa, ndipo chilango chimatha kufika zaka 3. Koma mlendo amene mapepala ake mwina sali bwino, okapi wamkulu m'thumba pa renki ya mateksi ku Johannesburg, mukudziputira dala mafunso. Ku Britain ndiye n'kokhwima zedi ndipo abale ambiri sadziwa. Chololedwa kuyenda nacho popanda kufotokoza chifukwa ndi mpeni wopinda wopanda loko womwe kuthwa kwake sikupitirira mainchesi 3, omwe ndi masentimita 7.62. Ukangokhala ndi loko, kaya ndi waung'ono bwanji, pamafunika chifukwa chomveka monga ntchito, ndiye okapi wa ringi ndi Opinel wa kamkombero onse agwera mbali yoletsedwayo, ndipo ku England chilango chimatha kufika zaka 4. Kumeneko ka Victorinox kakang'ono kopanda loko ndiye koyenera. Pa ndege, kaya mukukwerera pa bwalo la Kamuzu (KIA) ku Lilongwe kapena ku Chileka, muikeni mu sutikesi yopita kunsi, mu chikwama cha m'manja akulandani pa sikana ndipo ndege siidikira kuti mukambirane.

Kunyumba kuli ana, ndiye mukavula thalauza mpeni uzipita pamwamba pomwe safikira, osati pa tebulo pamodzi ndi makiyi. Mwana akafika msinkhu womatha kusenda mbatata ndi bwino kumuphunzitsa muli pomwepo kusiyana ndi kuti akaphunzire yekha kuseri, muyambitseni ndi kusongola kamtengo atakhala pansi, zigongono pa mawondo, mpeni ukupita kutsogolo, mng'ono wake ali patali.

Pakapita zaka chitsulo chimayamba kugwedera chifukwa msomali wa pakhosi wamasuka. Kukonza kwake n'kosavuta, tsamiritsani mutu umodzi wa msomaliwo pa chitsulo cholimba monga mutu wa nkhwangwa kapena hamala ina, menyani mutu winawo pang'ono ndi kahamala, yesani kutsegula, menyaninso, yesaninso. Mukamenya kamodzi mwamphamvu mpeni umauma osatsegukanso ndipo kubweza n'kovuta. Chogwirira chikayamba kuuma ndi kuchita mikwingwirima chikwecheni ndi sandipepa wosalala n'kupaka mafuta. Koma sipuling'i ikathyoka kapena loko ikayamba kumasuka yokha mukudula, ameneyo musamumangire ndi waya kapena mphira, mugule wina.